Kafukufuku wanga wangoima pomwe ndikuphunzira udokotala wa ana: vuto lili pati?

Funso: Ndine dokotala, ndipo ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a ukatswiri wa matenda a ana. Kuti ndimalize, ndikuyenera kuchita kafukufuku n'kulemba zotsatira zake. Mutu ndinasankha kalekale, koma pulopozo, chikalata chofotokoza momwe ndidzachitire kafukufukuyo, sinathe mpaka lero. Ndikamachoka kuwodi ndimakhala nditatheratu, ondiyang'anira sapezeka, ndipo za ziwerengero zimandizunguza mutu. Anzanga ambiri zawo n'zomwezi. N'chifukwa chiyani zimativuta chonchi, nanga ndingatani kuti ndisangolemba zongokwaniritsa lamulo la sukulu?

Yankho: Adokotala, mwatchula kutopa, kusapezeka kwa okuyang'anirani ndi mantha a ziwerengero. Zitatuzi ndimazimva kawirikawiri kwa madokotala omwe ndimawayang'anira, ndipo n'zomwe ophunzira ukatswiri amadandaula m'mayiko olemera ndi osauka omwe. Koma sizilemera mofanana. Ziwerengero n'zopepuka kuposa momwe mukuziopera. Nthawi ndiyo yolemera. Palinso chinthu chachinayi chomwe simunachitchule, ndipo ndikuganiza kuti ndicho chagwira pulopozo yanu miyendo: kukula kwa funso lomwe munasankha.

Tiyambe ndi nthawi. Ntchito ya m'wodi imaitana mokuwa. Mwana akulira, mayi akukukodolani, namwino wathamangira kudzanena kuti wa pabedi lakumapeto wayambanso kukomoka. Pulopozo siitana. Mukapanda kuitsegula lero palibe amene amwalire usiku uno, ndiye imadikira mawa, mawalo n'kukhala mwezi. Dokotala wachikumbumtima chabwino adzasankha mwana nthawi zonse, ndipo amachita bwino kutero. N'chifukwa chake sindivomereza anthu akamanena kuti ophunzira ndi aulesi pa kafukufuku. Nthawi zambiri amene pulopozo yake yaima ndi yemwe uja anamwino amamufuna akakhala pa naiti. Komanso udokotala wa ana umadya nthawi mwa njira yakeyake. Kupeza mtsempha wa khanda lomwe latha madzi m'thupi kungatenge ola lathunthu. Mlingo wa mankhwala aliwonse muyenera kuuwerengetsera potengera kulemera kwa mwanayo. Ndipo wodwala wanu sabwera yekha: mukatha kuthandiza mwana, pali makolo oti muwakhazike pansi ndi kuwafotokozera mpaka amvetse.

Kuchepetsa maola a ntchito pakokha sikuthetsa vutoli. Ku America, bungwe la ACGME, loyang'anira maphunziro a ukatswiri wa madokotala, linaika malire mu 2003 akuti dokotala wophunzira asapitirire maola 80 pa sabata. Ku Ulaya lamulo limanena maola 48. Komabe maola otsalawo amathera m'wodi momwemo, ndipo munthu akafika kunyumba amafuna tulo. Chomwe chimathandiza ndi nthawi yopatulidwa, yolembedwa pa ndandanda ya ntchito, yokhala ndi dzina la munthu wina yemwe agwire malo anu. Ku Britain, pambuyo pa lipoti la Mark Walport la 2005, anakhazikitsa malo ena a maphunziro omwe dokotala amapatsidwa gawo limodzi mwa magawo anayi a nthawi yake kuti achite kafukufuku kwa zaka zitatu. Sikuti chipatala chilichonse chingakwanitse zimenezo, koma mfundo yake imagwira ntchito paliponse. Mawu akuti "mupeze nthawi" si nthawi.

Ndiye musapite nokha kwa mkulu wa dipatimenti kukadandaula. Pitani ndi anzanu aja, mutanyamula ndandanda yomwe mwakonza kale yosonyeza kuti Lachitatu masana uyu achoka uyu n'kugwira, sabata yotsatira n'kusinthana. Mkulu amavomera msanga akaona kuti wodi sikhala yopanda dokotala. Maola amenewo akafika, tulukani m'chipatalamo kapena khalani pomwe anamwino sangakupezeni, foni ya ntchito muisiye kwa mnzanuyo. Ndipo musamayese kulemba mukangochoka pa naiti, chifukwa zomwe mungalembe mudzazifufuta. Ndinene pano kwa akuluakulu anzanga omwe angawerenge yankholi: kuuza wophunzira kuti samaliza popanda kafukufuku, pomwe sitinamupatse ngakhale theka la tsiku, n'kupanda chilungamo. Zipatala zambiri zophunzitsira zimaima pa misana ya madokotala ophunzirawa, ndipo tiyenera kuvomereza kuti lamulo tinalemba ife koma maola tinawamana.

Tsopano funso lanu. Simunandiuze mutu wake, koma mitu yomwe ophunzira amabwera nayo koyamba ndimaidziwa: zomwe zimayambitsa imfa za makanda, kapena kuyerekezera mankhwala awiri kuti abwino ndi ati. Ndi mafunso abwino, koma amafuna gulu la anthu, ndalama ndi zaka. Tengani kalendala muwerenge. Maphunziro ngati anuwa m'mayiko ambiri amatenga zaka zitatu kapena zinayi. Chaka choyamba chimatha mukuzolowera ntchito. Chomaliza chimadyedwa ndi mayeso. Komiti yoona za chitetezo cha anthu olowa m'kafukufuku ikhoza kusunga pulopozo miyezi ingapo, n'kuibweza kuti mukonze, n'kudikiranso msonkhano wina. Matenda ena a ana amabwera ndi nyengo, moti chilolezo chikachedwa pang'ono mudikira chaka chamawa. Mukachotsa zonsezi, nthawi yeniyeni yosonkhanitsira deta kawirikawiri siikwana chaka. Funso lanu liyenera kukwana m'menemo.

Funso lokwana limaneneka m'chiganizo chimodzi: ana ati, mukuyeza chiyani, mukuyerekezera ndi chiyani, pa nthawi yotalika bwanji. M'malo mwa "matenda a m'magazi mwa makanda", funsani kuti: mwa makanda omwe agonekedwa poganiziridwa kuti ali ndi matendawa, pamadutsa nthawi yotalika bwanji kuchokera pomwe dokotala walemba mankhwala kufika pomwe jakisoni woyamba wabayidwa, ndipo kodi usiku zimachedwa kuposa masana? Kapena: mwa ana obadwa masiku asanakwane, ndi angati amafika kuwodi kutentha kwa thupi kuli pansi pa madigiri 36.5, pomwe bungwe la WHO limati mwana wazizidwa, nanga kuzizidwako kumayambira pati pa ulendo wochoka kuchipinda chochilira? Mafunso otere mumawapeza pa raundi, pa zinthu zomwe zimakupwetekani mtima tsiku ndi tsiku. Amayankhika m'miyezi yochepa, safuna makina atsopano, ndipo yankho lake lingasinthe kagwiridwe ka ntchito sabata yotsatira.

Musaganize kuti wophunzira sangaone chomwe akuluakulu sakuchiona. M'zaka za m'ma 1940 ndi kumayambiriro kwa ma 1950, ana ambirimbiri obadwa masiku asanakwane ankachita khungu, ndipo chifukwa chake sichinkadziwika. Arnall Patz anali akuphunzirabe udokotala wa maso ku Washington pomwe anayamba kukayikira mpweya wa okosijeni womwe makandawo ankapatsidwa wochuluka kwambiri. Anayerekezera makanda olandira wochuluka ndi olandira wocheperako, n'kufalitsa zotsatira mu 1952, ndipo kafukufuku wamkulu wa zipatala zambiri anadzatsimikizira zomwe anapezazo. Nkhaniyi ili ndi mbali ziwiri zomwe ndikufuna muzisunge. Yoyamba: anamwino ena, poopa kuti makandawo afa, ankawonjezera okosijeni usiku mobisa. Sanali anthu oipa, ankateteza ana momwe ankadziwira. Kafukufuku aliyense wa m'wodi yemwe anamwino sanamumvetse n'kumuvomereza amawonongeka usiku, choncho khalani nawo pansi musanayambe. Yachiwiri: madokotala atamva za khungulo anachepetsa okosijeni mopitirira muyeso, ndipo makanda ena anafa, ena n'kuvulala ubongo. Yankho limodzi linabala funso lina, ndipo mlingo woyenera wa okosijeni wakhala ukufufuzidwabe kwa zaka makumi ambiri.

Izi zikutifikitsa pa zovuta zomwe anzanu ophunzira matenda a akuluakulu sakumana nazo kwenikweni. Mwana sangapereke chilolezo payekha. Chimachokera kwa kholo, ndipo makomiti ambiri amafunanso kuti mwana yemwe wafika zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri afunsidwe ngati akulola. Kholo lomwe mukulifunsalo lili ndi mantha, mwina silinagone, mwinanso likufuna kufunsa kaye mnzake yemwe sali pafupi. Likhoza kuvomera pongoopa kuti likakana mwana sathandizidwa, ndipo udindo woonetsetsa kuti lamvetsa kuti likhoza kukana popanda kutaya chithandizo ndi wanu. Pali nkhani ya magazi. Khanda lolemera kilogalamu imodzi magazi ake onse sakwana mamililita 100, moti mamililita ochepa omwe kwa wamkulu si kanthu, kwa ilo ndi ambiri, ndipo makomiti amaika malire okhwima. Palinso kusiyana kwa misinkhu: thupi la khanda la masiku atatu, la mwana wa zaka ziwiri ndi la mtsikana wa zaka 15 sagaya mankhwala mofanana, ndiye gulu lomwe mumaliyesa lalikulu limagawika timagulu ting'onoting'ono.

Malamulo otetezawa sindikufuna achotsedwe, ngakhale limodzi. Chomwe ndimakana ndi maganizo akuti kusachita kafukufuku ndiko kuteteza ana. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, makanda anafa ndi mankhwala a chloramphenicol chifukwa milingo inkatengedwa kwa akuluakulu, osadziwa kuti chiwindi cha khanda sichinakhwime mokwanira kuwachotsa m'thupi. Mu 1968 dokotala wa ana wa ku America, Harry Shirkey, anadandaula kuti ana asiyidwa ngati amasiye pa nkhani ya mankhwala, poti mankhwala ambiri ankatuluka asanayesedwe pa ana. Zinatenga zaka zoposa 30 kuti America ikhazikitse malamulo a 2002 ndi 2003 olimbikitsa ndi kukakamiza makampani kuyesa mankhwala pa ana, ndipo la mayiko a European Union linayamba kugwira ntchito mu 2007. Chitsanzo chomwe ndimafuna dokotala aliyense wa ana achidziwe ndi kafukufuku wa FEAST, yemwe Kathryn Maitland ndi anzake anachita ku Uganda, Kenya ndi Tanzania n'kufalitsa mu 2011. Tonse tinaphunzitsidwa kuti mwana wotentha thupi yemwe magazi ake sakuyenda bwino apatsidwe madzi ambiri a diripi mwachangu. Mwa ana oposa 3,000 omwe analowa, omwe analandira madzi othamangitsawo anamwalira ochuluka m'maola 48 oyambirira kuposa omwe sanalandire: pafupifupi 10 ndi theka pa 100 aliwonse, poyerekeza ndi 7 pa 100. Akanapanda kufunsa, chizolowezicho chikanapitirira, ndipo aliyense akanakhala akukhulupirira kuti akupulumutsa ana.

Ndiye komiti musaione ngati mdani. Pemphani pulopozo ya mnzanu yomwe inavomerezedwa posachedwa muone kalembedwe kake, funsani masiku omwe komiti imakumana, ndipo tumizani yanu msanga ngakhale mukuiona kuti sinafike pomwe mumafuna, chifukwa ndemanga zawo zidzaikonza. Ngati mukungowerenga mafayilo akale a odwala, komiti ikhoza kukulolani kusapempha chilolezo kwa kholo lililonse, koma chigamulo chimenecho n'chawo, si chanu. Magazini a zachipatala amafunsa umboni wa chilolezo, ndipo chilolezo sichiperekedwa chammbuyo. Pa mafayilo pomwepo ndikuchenjezeni: musanalembe tsamba lina lililonse, tengani mafayilo makumi awiri muone ngati zomwe mukufuna zinalembedwamo. Mukapeza kuti theka alibe kulemera kwa mwana kapena nthawi yomwe jakisoni anabayidwa, mwadzipulumutsa ku chaka chotayika, ndipo mudziwa kuti ndi bwino kusonkhanitsa deta yatsopano kuyambira lero kupita m'tsogolo.

Za okuyang'anirani. Akatswiri a matenda a ana ndi ochepa m'malo ambiri, ndipo omwe amadziwanso kafukufuku ndi ochepetsetsa. Munthu mmodzi yemweyo amachita raundi, amaphunzitsa, amakhala m'misonkhano ndipo ali ndi ophunzira ena angapo onga inu. Sindikuwaikira kumbuyo, poti amene wavomera kuyang'anira wophunzira ayenera kupezeka. Koma pali zomwe inu mungachite. Musapite kukanena kuti "ndasowa poyambira". Pitani ndi tsamba limodzi lokhala ndi funso lanu, njira yomwe mukuganiza ndi chinthu chimodzi chomwe mukufuna akuthandizeni kusankha. Munthu wotanganidwa angayankhe zimenezo m'mphindi khumi. Musanatuluke, gwirizanani tsiku lokumananso, ndipo madzulo ake atumizireni uthenga wachidule wa zomwe mwagwirizana. Pezaninso wachiwiri, ndipo sikuti achite kukhala pulofesa kapena dokotala wa ana. Mnzanu yemwe anamaliza chaka chatha, mphunzitsi wa zaumoyo wa anthu, wa kulabotale, kapena namwino yemwe wagwira ntchito m'kafukufuku nthawi yaitali, angakuthandizeni kuposa munthu wotchuka yemwe simumuona. Mutu umodzi susenza denga.

Njira ina yabwino ndi kulowa m'kafukufuku wamkulu yemwe akuchitika kale pachipatala chanu. Mumapeza chilolezo, deta ndi katswiri wa ziwerengero zili kale. Koma apa pali msampha womwe umakhumudwitsa ophunzira ambiri: kukhala wongodzaza mafomu, pepala n'kudzatuluka dzina lanu palibe. Pemphani kafunso kanu kanu mkati mwa ntchito yaikuluyo, ndipo nkhani ya mayina a olemba ikambidwe pachiyambi, zilembedwe. Malangizo a bungwe la akonzi a magazini a zachipatala, ICMJE, amanena momveka kuti dzina limalembedwa chifukwa cha ntchito yomwe munthu wagwira pokonza, posanthula ndi polemba, osati chifukwa cha udindo wake. Kukamba zimenezi kwa wamkulu si mwano mukalankhula mwaulemu, ndipo wamkulu wabwino amayamba yekha kuzitchula.

Ziwerengero ndazisiyira kuno dala. Simukuyenera kukhala katswiri wake. Chomwe mukufunika ndi kumvetsa zinthu zochepa: ana angati akufunika kuti yankho likhale lodalirika, kusiyana kwa avereji ndi nambala yapakati, kukula kwa chikayiko pa nambala yomwe mwapeza, ndi mmene chinthu chachitatu chobisika chingapangitsire zinthu ziwiri kuoneka ngati zogwirizana. Mwachitsanzo, mukapeza kuti ana olandira mankhwala amphamvu amamwalira ochuluka, mwina n'chifukwa choti mankhwalawo amapatsidwa kwa odwalitsitsa. Zimenezi dokotala wa m'wodi amaziona msanga kuposa wa masamu. Cholakwika chachikulu ndi kupita kwa katswiri wa ziwerengero deta itasonkhanitsidwa kale. Katswiri wotchuka wa ziwerengero, Ronald Fisher, ananena mu 1938 kuti kuitana katswiriyo ntchito itatha kuli ngati kumupempha apime mtembo: angakuuzeni chabe chomwe chinapha kafukufukuyo. Kaonaneni naye sabata ino, fomu yanu yosonkhanitsira deta isanasindikizidwe. Pa zida musadandaule: R ndi pulogalamu yaulere yosanthulira deta, KoboToolbox ndi REDCap zimathandiza kusunga deta mwadongosolo, PubMed, tsamba la pa intaneti lofufuzirapo mapepala a kafukufuku wa zachipatala, aliyense angaigwiritse ntchito, ndipo pulogalamu ya Hinari yomwe WHO inayambitsa mu 2002 imatsegulira masukulu ndi zipatala za m'mayiko osauka magazini ambiri. Polemba, tsatirani mndandanda wa STROBE, womwe uli ndi mfundo 22 zoti zipezeke m'lipoti la kafukufuku wongoona zomwe zikuchitika. Mukauwerenga musanayambe, umakuuzani zomwe muyenera kusonkhanitsa.

Ndalama zimavuta makamaka pofalitsa. Magazini ena amalipiritsa madola masauzande angapo, ngakhale ambiri amachotsa kapena kuchepetsa mtengowo kwa olemba a m'mayiko osauka, ndipo alipo abwino osalipiritsa konse. Chenjerani ndi omwe amakutumizirani imelo okulonjezani kufalitsa m'masiku ochepa mukalipira, chifukwa pepala likalowa m'menemo latayika. Kukanidwa ndi magazini yoyamba n'kwachizolowezi ngakhale kwa mapulofesa. Konzani, tumizani kwina.

Pali chinthu chinanso chomwe sichikambidwa mokwanira. Zaka za maphunzirowa ndi zomwezo zomwe anthu ambiri amakhala ndi ana aang'ono kunyumba, ndipo m'mayiko ambiri ophunzira udokotala wa ana ochuluka ndi amayi. Kafukufuku akamachitika usiku ndi kumapeto kwa sabata kokha, ndiye kuti tasankhiratu amene adzapitirire: omwe kunyumba kuli wina wowagwirira ntchito. Enawo amatsalira popanda kupereweredwa nzeru. Mu 1979 dokotala wa ku America, James Wyngaarden, anachenjeza kuti madokotala omwe amathandiza odwala n'kumachitanso kafukufuku akusowa, ndipo dandaulo lomwelo likumvekabe lero. Ichi ndi chifukwa china chomwe ndimaumirira kuti maola a kafukufuku akhale mkati mwa maola a ntchito.

Mwafunsa momwe mungapewere kulemba zongokwaniritsa lamulo. Si dokotala aliyense wa ana adzakhale wofufuza moyo wake wonse, ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma yemwe wadutsamo kamodzi, n'kuona momwe nambala imasochera pakati pa bedi ndi kompyuta, amawerenga mapepala a ena ndi maso ena, ndipo wogulitsa mankhwala samupusitsa msanga. Muyeso womwe ndimagwiritsa ntchito ndi uwu: kodi zotsatira zanu mungakaziime nazo pamaso pa anamwino ndi madokotala a wodi yomwe munatengako deta, iwo n'kukhala ndi choti asinthe? Ngati yankho ndi ayi, funsolo silinakhwime. Mwezi uno lembani funso lanu m'chiganizo chimodzi, yesani mafayilo makumi awiri aja, kaonaneni ndi katswiri wa ziwerengero, ndipo tengerani tsamba limodzilo kwa okuyang'anirani. Mukapempha kukumana nawo kawiri osayankhidwa, lembani kalata yaulemu kwa mkulu wa maphunziro yopempha woyang'anira wachiwiri, ndipo musadikire kuti chaka chachitatu chiyambe.